Miyala ya m'chiuno mwa a Manase

Malemu a Manase anali ndi miyala m'thupi. Sikuti n'zongoyankhula ayi, miyala yeniyeni, yoti ukaigwira umamva kulimba ngati nthanga ya mango youma. Woyamba unatuluka ngati kamtedza pachiuno cha kumanja, mbali imene ankagonera pamphasa. Anayamba kuuona ndi mkazi wawo Keziya, chaka chimene mwana wawo Lyson anapita kukaphunzira zauphunzitsi. Pakutha pa zaka khumi pachiunopo panali patatupa ngati papaya wamng'ono, mabampumabampu, ndipo pachigongono panalinso kena kakang'ono.

Koma sinkapweteka. A Manase ankalima mpunga ndi ng'ombe kudambo la Lufilya ngati wina aliyense, kungoti poyenda ankapendekera pang'ono. Kamodzi anapita kwa sing'anga wa cha ku Songwe, anawatema mphini khumi ndi ziwiri, miyala osasuntha n'komwe. Kuyambira pamenepo anaisiya.

"Anzanga akuvutika kuumba njerwa padzuwa," ankatero, "ine zanga zikudziumba zokha ndili mtulo."

"Ndiye mumange nyumbayo tione," Keziya ankawayankha. "Ino ikudontha."

Chaka chija aphunzitsi a kumpoto anabwezedwa kwawo, Lyson anabwera kuchokera ku Ntcheu ali ndi mkazi ndi kakhanda kumbuyo, Towera. Mkaziyo dzina lake Phoebe, namwino, anasiya ntchito kumeneko kutsata mwamuna. Lyson anapatsidwa sukulu ya kumapiri cha ku Kayelekera kopanda nyumba ya aphunzitsi, ndiye Phoebe anatsala pamudzi ndi apongozi ake, kudikira kuti makalata ake a ntchito ayende.

Tsono kwa Ankhonde mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Sapatsana moni, sakhala pabwalo limodzi, sapyolana panjira. Bambo akamabwera amatsokomola akadali patali, mkamwana n'kulowa mu nthochi kapena kufunda nsalu kumutu, kuyang'ana kumbali mpaka adutse. Keziya anamufotokozera Phoebe zimenezi tsiku loyamba lomwe, m'Chichewa chake chothyokathyoka.

Phoebe anaseka. "Amayi, kwathu timawagwadira, kuwapatsa madzi osamba m'manja. Ndiye ndiziwathawa ngati ndi a Yufi ofuna khadi la chipani?"

"Yufi ukamuonetsa khadi amakusiya. Awa ayi. Ukawaona nkhope, mudzi wonse useka nyumba ino, ndipo abale awo amuuza Lyson akubweze kwanu. Ine sindikufuna upite, mwanangu. Ndakhala ndekha nthawi yaitali."

Mtsikanayo anamva. Pasanathe mwezi ankadziwa chifuwa cha a Manase kusiyanitsa ndi cha anthu ena onse. Akangomva "khoo-khoo" kuseri kwa khola, iye waa mu nthochi, mwana kumbuyo. Madzulo a Manase ankafunsa, "Kodi mlendo wako uja wadya?" ndipo ankapatula chambiko chabwino, mkaka wowawasa uja, kuti Keziya akam'patse. Phoebe naye akaphika mbalaga, nthochi zophikira nyama zija, ankasankha nthuli zofewa n'kunena, "Izi n'za bambo." Ankadziwana choncho, kudzera m'mbale.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku asanu osakata. Lufilya anadzadza mpaka kumeza njira yopita kumsewu, ndipo chipatala chinatsala kutsidya. Ndi sabata imeneyo a Manase anaterereka pamzere wa mpunga, n'kugwera mbali ya miyala ija pachitsa. Khungu linang'ambika pang'ono, kabala kochepa ngati khutu la mbewa. Atafika kunyumba, Keziya anaona pakutuluka zoyera, zolimbirako, ngati laimu wopaka nyumba. Anazitikita pakati pa zala zake, zinali ndi timchenga.

"Simenti wanga uja akutayika," anatero a Manase.

Tsiku lachitatu anasiya kuseka. Pachiunopo panafiira, panatentha ngati mbale yochoka pamoto, ndipo thupi lonse linayamba kunjenjemera. Keziya anatenga zoyera zija pa tsamba la nthochi, kupita nazo kunyumba ya mkamwana.

Phoebe anaziyang'ana, kuzinunkhiza, kuziphwanya ndi kamtengo.

"Izi ndinazionapo kawiri kuchipatala kwathu," anatero. "Sikuti wina anawaponyera ayi. Ndi chinthu chomwe chimalimbitsa mafupa, kungoti mwa anthu ena chimasochera, n'kukaunjikana pansi pa khungu pafupi ndi mfundo. Chokha sichipha munthu. Choopsa ndi balali, ngati mwalowa dothi."

"Ndiye titani?"

"Ndikanaona ndekha."

"Zimenezo iwala."

Anagwirizana kuti Phoebe azikhala panja kuseri kwa khoma, atafulatira, Keziya ali m'kati. Khomalo linali la nsungwi zomata ndi dothi, mawu ankadutsa bwinobwino. Phoebe anawiritsa madzi ndi mchere, anang'amba nsalu yakale n'kuiwiritsanso, anapereka kabotolo ka jivi, mankhwala ofiirira opaka pabala aja, ndi mapiritsi ochepa amene anabwera nawo kuchokera kwawo.

"Amayi, kufiirako kwafika pati?" anafunsa ali kuseri.

Keziya anawerama, kusinzinitsa maso. Maso ake anali atayamba kale ng'ala, m'nyumba ankaona ngati muli utsi. "Pafiira basi."

"Ikanipo chikhatho. Kukupitirira chikhatho chanu?"

"Muuze kuti sikukupitirira," ananong'ona a Manase.

"Akuti sikukupitirira."

"Ine ndafunsa inu, amayi, osati iwo."

"Muuze mlendo wakoyo kuti chiunochi n'changa, ndikuchidziwa," anatero a Manase mokweza, nkhope ataloza kwa Keziya ngati kuseri kwa khoma kulibe munthu.

"Auzeni bambo kuti chiuno n'chawo, koma matenda ndi anga," anayankha Phoebe.

Keziya anaima pakati, nsalu yonyowa m'manja. "Nonse mukumvana. Ine ndikungotopa pakamwa chabe."

Anachita choncho masiku awiri, m'mawa ndi madzulo. Keziya ankatsuka pomwe akuona, ankafinya pomwe wauzidwa, koma zala zake zinkangokumana ndi mwala paliponse. Sankatha kusiyanitsa polimba ndi pofewa. A Manase nawo ankamutsina pamwendo akafuna kunena zoona. Akafunsidwa ngati adya, ankati anene kuti amaliza mbale, pamene phala ankalipatsa galu.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi Phoebe anaitana apongozi ake mu nthochi. Anali ndi nsalu zochotsa pabala zija m'beseni.

"Amayi, mukundinamiza."

Anawaonetsa beseni lija.

"Nsaluzi zikununkha mosiyana ndi dzana. Ndipo ndawamva akuyankhula ndi anthu oti palibe. Mafinya ali m'kati, pansi pa mwala, alibe potulukira. Akapanda kutuluka alowa m'magazi. Mtsinje uja suphwa lero kapena mawa."

"Masiku angati?"

"Awiri. Mwina atatu, poti ndi olimba."

"Undiuze podula, ndidule ine."

"Simungapaone. Mukaphonya pang'ono pali mtsempha. Pakufunika maso anga ndi manja anga."

Keziya anakhala pansi pa tsinde la nthochi. Mvula inali itakata, madontho akungogwa kuchokera m'masamba. Anaganiza za a Manase, zaka makumi anayi ndi mphambu atagona mphasa imodzi. Anaganizanso za mtsikanayu akukwera basi ya ku Ntcheu ndi Towera kumbuyo, azilamu ake akuwomba m'manja kuti tinanena ife, akazi a kumwera alibe mwambo. Anapita m'nyumba kukayesa kuwanyengerera a Manase.

"Bola ndife," anatero a Manase. Milomo yawo inali itauma, yosweka. "Bambo anga anafa osaonedwa ndi iwe. Unawaona?"

"Sindinawaone."

"Ndiye ine ndikhale woyamba? Anthu azidzati Manase uja anavulira mkamwana wake? Ukandiike pafupi ndi khola."

"Ndani akukumbireni manda m'matope muno? Madzi ali m'mawondo."

"Ndiye undisunge padenga mpaka kuume."

Keziya anatuluka asanalire pamaso pawo. Anakapeza Phoebe akuyamwitsa mwana pakhonde la nyumba yake. Anakhala pambali pake n'kufunsa.

"Kodi iwe chimene ukufuna kuona n'chiyani kwenikweni? Munthu kapena chotupa?"

"Chotupa basi."

"Chachikulu bwanji?"

Phoebe anapinda zala za manja onse awiri, kupanga bowo ngati kukamwa kwa kapu yaikulu.

"Nkhope suifuna? Miyendo? Msana?"

"Ndizitani nazo, amayi?"

Keziya anadzuka, kulowa m'nyumba mwake, kutsegula bokosi. Pamwamba panali nsalu yake ya chipani, ya nkhope ya Pulezidenti, yovala kokavina. Inali yaikulu bwino, koma anangoiyang'ana n'kuibweza. Munthu kuboola imene ija ndi lumo, mawa lake galimoto ya apolisi ifika ngakhale mtsinje utadzadza. Pansi pake panali bulangeti lofiira limene a Manase anabwera nalo kuchokera kumigodi ya ku Zambia ali mnyamata, lolemera, losafundidwa kawirikawiri chifukwa Karonga n'kotentha. Analiyala pansi, kuikapo kapu chozondoka, n'kuyamba kudula mozungulira.

"Ukutani ndi bulangeti langa, iwe?"

"Ndikuliboola."

"Wapenga? Limenelo ndinagula ku Kitwe!"

"Tamverani, bambo a Lyson. Mwambo umati mkamwana asaone apongozi ake. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Nanga miyalayi ndi apongozi ake? Inabereka Lyson ndi miyalayi? Inu nomwe mumati ndi njerwa."

A Manase anatseka maso. "Nkhope yomwe ikuletsedwa, iwe ukufuna umuonetse thako."

"Thako lanu likhala m'bulangeti pamodzi ndi mwini wake. Kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Panja patsala mwala wokha."

"Koma adziwa kuti ndili m'menemo."

"Adziwa bwanji? Inu mwapita kudambo ndi ng'ombe. Ndikamuuza ine. Munthu woti kulibe saoneka, ndipo sayankhula. Mukangoti kukamwa yasa, ndiye kuti mwadziulula nokha, ine ndilibemo."

Keziya ankangomva kupuma kwawo, kofulumira ngati kwa mwana wa ng'ombe wothamangitsidwa. Anaganiza kuti agona.

"Ng'ombe zake ziti?" anafunsa a Manase.

"Zonse zinayi."

"Yakuda ija ikutsimphina. Unene kuti ndapita ndi zitatu."

Keziya anawagoneka chammbali, anawafunditsa bulangeti lonse, kulipinda pansi pa mapazi ndi pamwamba pa mutu, kusiya kampata kopumira kumbali ya khoma. Anakonza bowo lija kuti likhale pachotupa penipeni. Anawapatsa kachidutswa ka nzimbe kuti alume. Kenako anachotsa chitseko chonse kuti kuwala kulowe, anaima pakhomo n'kuitana mokweza, kuti ngakhale wodutsa panjira amve.

"Mayi a Towera! Bambo kulibe kuno, apita kudambo ndi ng'ombe zitatu. Angosiya mwala wawo m'nyumbamu. Tabwera udzauone."

Phoebe anabwera ndi beseni la madzi owira, lezala latsopano lili m'menemo. Pakhomo anagwada kaye, mutu pansi, ngati mmene amagwadira kwawo. Analowa ndi mawondo, maso ali pabowo pokha. Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba imeneyo.

Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Anayamba kupapasa pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, kuzungulira mwala wonse. Keziya anagwira pomwe panali phewa, akumva bulangeti likunjenjemera.

"Apa," anatero Phoebe motsitsa mawu. "Gwirani apa, amayi, mumve. Ponse polimba, koma apa pakubonyoka."

Panali kumunsi, kumbuyo kwa kabala kaja, pamene Keziya sanagwirepo n'kamodzi komwe.

"Gwirani mwalawo zolimba, usasunthe."

Lezala linalowa. Bulangeti linauma gwa ngati thabwa, nzimbe inamveka kuphwanyika. Poyamba panatuluka magazi pang'ono, kenako mafinya, ambiri, osakanikirana ndi zoyera zija, kuyenderera pansalu mpaka Keziya anasintha kawiri. Fungo linadzadza nyumba. Phoebe sanatembenuze nkhope. Anafinya kuchokera m'mbali, n'kulowetsa kansalu konyowa ndi madzi amchere m'kati mwa bala. Pamenepo m'bulangeti munatuluka kubuula kwakukulu, kochokera pansi pamimba.

Phoebe anaimitsa manja.

"Ndi yakuda ija," anatero Keziya. "Yatsala m'khola yokha, ikulira anzake."

"Pepani nayo," anatero Phoebe, maso ali pabala. "Muiuze kuti ndatsala pang'ono."

Anatulutsa timiyala tinayi tomwe tinali titasweka kale, toyera ngati mano a mwana, n'kutiika m'mbale. Waukuluwo anausiya, anati umenewo ndi wa adokotala. Anatsuka, anasiya kansalu koyera m'kati kuti bala lisatsekeke msanga, anamanga. Anatuluka chobwerera m'mbuyo ndi mawondo omwe aja, beseni m'manja.

Keziya atavundukula bulangeti, a Manase anali atanyowa ngati avuuka mumtsinje. Analavula makoko a nzimbe.

"Wapita?"

"Wapita."

"Dzanja lake n'lopepuka kuposa lako."

"Mwadziwa bwanji, inu munali kudambo?"

Madzulo a tsiku lotsatira thupi linazizira. Anapempha phala, ndipo galu sanalawe. Kwa masiku asanu ndi anayi a Manase ankapita kudambo ndi ng'ombe zitatu m'mawa uliwonse, Keziya akulengeza pakhomo, Phoebe akulowa ndi mawondo. Tsiku lina mlongo wawo wa a Manase, a Yunike, anabwera kudzazonda matenda n'kupeza zili m'kati. Anaima pakhomo, kuyang'ana bulangeti, kuyang'ana Phoebe, kuyang'ana Keziya.

"Achimwene ali kuti?" anafunsa a Yunike.

"Kudambo."

A Yunike anayang'ananso mapazi awiri amene ankaoneka mawonekedwe ake pansi pa bulangeti. Anatafuna fodya wawo kanthawi.

"Akabwera muwauze ndinabwera," anatero, n'kutembenuka. Nkhaniyo sinamvekenso kwina.

Mtsinje utaphwa Lyson anatsika kumapiri, anakweza bambo ake pangolo mpaka kumsewu, n'kupita nawo kuchipatala cha ku Boma. Kumeneko anachotsa mwala waukulu uja. A Manase anabwera nawo m'botolo, anauonetsa mudzi wonse, kupatula munthu m'modzi. Atatha kuyenda bwino anasankha ng'ombe yaikazi yaing'ono, n'kuuza Keziya kuti, "Iyi ukamuuze mlendo wako uja kuti ndi yake. Osati ya Lyson ayi. Yake. Ukanene kuti ndaga fijo." Ndiko kuthokoza kwakukulu m'Chinkhonde. Phoebe anayankha kudzera mwa Keziya yemweyo kuti sakudziwa chimene akumuthokozera, poti iye sanawaonepo.

A Manase anakhalanso ndi moyo zaka zitatu. Anapitiriza kutsokomola kuseri kwa khola, Phoebe anapitiriza kulowa mu nthochi, ngakhale atayamba ntchito n'kumavala yunifomu yoyera. Chinawatenga ndi chibayo, m'mwezi wa Juni, mpunga uli m'nkhokwe.

Pamaliro mkamwana sayandikira. Phoebe analira ali kuseri kwa nyumba yake, atafunda nsalu kumutu, pamene ena ankaona nkhope. Anthu atabalalika, patapita masiku, awiriwo anakhala pakhonde akusankha nyemba, dzuwa likupendeka. Keziya ankasankha ndi zala, maso anali atatheratu.

"Amayi," anatero Phoebe, "kodi anali a nkhope yotani?"

Keziya anasiya kusankha nyemba. Zaka zonse zija akuyang'ana nkhope imodzi, koma poti aifotokoze anasowa poyambira.

"Ngati Lyson?"

"Ayi, Lyson anatengera kwathu." Anakankhira lichero kumbali. "Bwera kuno. Ndipatse dzanja."

Anagwira chala cha Phoebe n'kuchiyendetsa pankhope yake yomwe. "Apa, pamwamba pa diso, panali chipsera, inawagunda ng'ombe ali mwana. Mphuno inali yaikulu, kuyambira apa mpaka apa. Masaya olowa. Dzino ili kunalibe, ndiye akamaseka ankatseka ndi lilime. Makutu ndiye usanene, ngati a mleme."

"Ndiye anali osaoneka bwino?"

"Anali onyansa ndithu, mwanangu. Sunataye kanthu."

Anaseka onse awiri, mpaka kuseka kuja kunasanduka kwina. Keziya sanasiye dzanja lija. Nkhuku zinabwera n'kuyamba kudya nyemba m'lichero, ndipo panalibe woziingitsa.